Nâzım Hikmet: mkaidi wa ku Turkey amene anakana kutaya mtima

M'dziko la Turkey muli nyimbo zimene anthu amaimba zinthu zikavuta. Amaziimba anchito akanyanyala nchito, ana a sukulu akamangidwa, kapena pa maliro a munthu amene wafera m'manja mwa boma. Mau a nyimbo zambiri zotere analemba ndi munthu mmodzi, dzina lake Nâzım Hikmet, amene anamwalira mu 1963. Munthu ameneyu anakhala m'ndende zaka zoposa 12 osatulukamo, boma linamulanda unzika, ndipo anafera kutali ndi kwao. Anali nazo zifukwa zonse zotayira mtima. Komabe anthu a mtundu wake amamukumbukira monga mlakatuli wa ciyembekezo. Lero tione moyo wake, kuti tidziwe kumene ciyembekezo cimeneci anacitenga ndi mmene anacisungira.

Mwana wa m'banja la mabwana

Zikalata za boma zimati anabadwa pa 15 Januwale 1902 mumzinda wa Salonika. Masiku ano mzindawu uli m'dziko la Greece, koma pa nthawiyo unali pansi pa ufumu wa Ottoman, umene likulu lake linali Istanbul. Agogo ake aamuna, a Nâzım Pasha, anali bwanamkubwa wa boma ndiponso anali kulemba ndakatulo. Atate ake, a Hikmet Bey, anali kugwira nchito m'maofesi a boma. Amai ake, a Celile, anali mmisiri wojambula zithunzi. Motero mwanayu anakulira pakati pa mabuku. Khasu sanaligwirepo, ndipo njala anali kungoimva m'nkhani.

Atasinkhuka anamutumiza ku sukulu ya asilikali a pamadzi pa cilumba ca Heybeliada, pafupi ndi Istanbul. Matenda a m'cifuwa ndi amene anamucotsa pa nchito ya usilikali. Pa nthawi imeneyo dziko lake linali pa moto. Ufumu wa Ottoman unagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1918, ndipo asilikali a maiko opambana, makamaka Britain ndi France, analowa mu Istanbul. Mkulu wina wa asilikali, Mustafa Kemal, amene pambuyo pake anachedwa Atatürk, anayamba kusonkhanitsa anthu m'cigawo cacikulu ca kumidzi cochedwa Anatolia kuti amenyere ufulu wa dziko.

Mu Januwale 1921 Nâzım ndi mnzake Vâlâ Nureddin anazemba mu Istanbul kuti akalowe nkhondo imeneyi. Anakwera sitima ya pamadzi mpaka pa doko la İnebolu, kenaka anayenda pansi masiku ambiri m'nyengo yozizira koopsa mpaka ku Ankara. Ulendo umenewu ndi umene unamutsegula maso. Anagona m'midzi ya alimi, naona nyumba zadothi zopanda kanthu mkati, ana a usiwa, ndi azimai amasiye amene amuna ao anathera ku nkhondo zimene zinatsatizana kuyambira 1911. Kwa nthawi yoyamba mwana wa mabwana anaona anthu amene anali kudyetsa dziko lonse pamene iwo eni ake anali kugona ndi njala. Nkhope za anthu amenewa sizinamucoke m'maso mpaka imfa yake.

Ku Ankara sanawatumize kukamenya nkhondo. Anawapatsa nchito ya uphunzitsi m'tauni ya Bolu. Sanakhalitseko. Anawoloka malire kupita ku Batum, ndipo mu 1922 anafika ku Moscow, kumene boma la cikomyunizimu linali litangoyamba kumene. Analowa sukulu yaikulu imene inakhazikitsidwira ophunzira ocokera ku maiko a kum'mawa, ndipo kumeneko anakhala mkomyunisiti. Ciphunzitso cimeneci cinali kunena kuti minda, migodi ndi mafakitale zisakhale za anthu ocepa koma za onse, pansi pa utsogoleri wa cipani cimodzi, ndipo cinali kukana za Mulungu. Nâzım anacilandira ndi mtima wonse wa mnyamata amene waona umphawi ndipo akufuna mankhwala ake lero lomwe.

Kulemba m'cilankhulo ca pamsika

Ndakatulo zakale za ku nyumba ya mfumu zinali zodzaza ndi mau a Ciarabu ndi Ciperisiya, amene munthu wamba sakanawamva. Ku Moscow Nâzım anaona mmene mlakatuli wa ku Russia, Vladimir Mayakovsky, anali kulembera mizere ina yaitali ina yaifupi, motsata mpweya wa munthu wolankhula pa gulu. Iye anatengera njira imeneyi nayamba kulemba m'Citurkey ca tsiku ndi tsiku, ca pamsika ndi pa doko. Ndakatulo zake zinali zoyenera kuzinena mokweza, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga anali kutha kuzimva ndi kuzisunga pamtima. Ici ndi cimene cinacititsa kuti pambuyo pake oimba asavutike kuziika m'nyimbo.

Anabwerera kwao mu 1924, dziko litakhala lipabuliki pansi pa Mustafa Kemal. Boma latsopanoli linabweretsa zosintha zambiri, koma silinali kulola otsutsa. Mu 1925 khoti linamugamula zaka 15 iye kulibe, cifukwa ca zolemba zake m'manyuzipepa a anchito, ndipo anathawiranso ku Soviet Union. Pobwerera mu 1928 anamugwirira pa malire, nakhala m'ndende miyezi ingapo. Mu 1929 anatulutsa buku lochedwa 835 Satır, kutanthauza mizere 835, ndipo dzina lake linamveka m'dziko lonse. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wongolowa ndi kutuluka m'makhoti. Mu 1933 anamangidwanso, natuluka caka cotsatira. Mu 1935 anakwatira mai wina dzina lake Piraye, amene tidzamumvanso kutsogoloku.

Buku limene anatulutsa mu 1936 likutionetsa mtima wake bwino. Linali kusimba za Şeyh Bedreddin, woweruza wa Cisilamu wa kalekale. Mu 1416 ophunzira a munthu ameneyu anatsogolera alimi osauka, Asilamu, Akhristu ndi Ayuda pamodzi, kuukira mfumu, pofuna kuti nthaka ndi zokolola zikhale za onse. Asilikali a mfumu anawagonjetsa ndi kupha anthu ambirimbiri, ndipo Bedreddin anamupacika ndi cingwe pamsika wa mumzinda wa Serres. Taonani, awerengi, Nâzım sanasankhe nkhani ya anthu opambana. Anasankha nkhani ya anthu amene anagonja, naisimba mosabisa magazi ndi misozi, koma m'njira yoti womva aone kuti cimene anthuwo anafera sicinakwiriridwe nao limodzi. Limeneli linali buku lake lomaliza kusindikizidwa ku Turkey iye ali moyo.

Zaka 28 ndi miyezi inai

Mu Januwale 1938 apolisi anamugwiranso. Mlandu unali wakuti anali kusonkhezera asilikali kuti aukire boma. Umboni wake unali wakuti anyamata ena a pa sukulu ya usilikali anapezeka akuwerenga mabuku ake, mabuku amene anali kugulitsidwa poyera m'masitolo. Khoti la asilikali a pamtunda linamupatsa zaka 15. Khoti la asilikali a pamadzi, limene linakhala m'sitima ya nkhondo, linaonjezera zaka 20. Ataphatikiza ndi kucotserako, cilango cinaima pa zaka 28 ndi miyezi inai. Iye anali ndi zaka 36. Mukawerengera mupeza kuti akanatuluka ali nkhalamba ya zaka 64.

Anamusunga ku Istanbul, ku Ankara ndi ku Çankırı, ndipo kumapeto kwa 1940 anamusamutsira ku ndende ya ku Bursa, kumene anakhala pafupifupi zaka khumi. Akaidi ambiri a kumeneko sanali andale. Anali alimi a kumidzi, ena omangidwa cifukwa copha munthu polimbirana malire a munda kapena madzi othirira, ena cifukwa cothawa usilikali, ena cifukwa ca kuba kobwera ndi njala. Anthu amene anawaona ali mnyamata pa njira ya ku Ankara, tsopano anali kudya nao ndi kugona nao m'nyumba imodzi.

Zimene anacita m'ndendemo ndi zimene ziyenera kutigwira mtima. Coyamba, anafuna nchito ya manja. Pamodzi ndi akaidi anzake anaika makina amatabwa oombera nsalu, ndipo nsaluzo zinali kugulitsidwa kunja. Ndalama imene anali kupeza anali kutumizako kwa mkazi wake Piraye, ina kwa mnzake Kemal Tahir, wolemba mabuku amene anali m'ndende ina. Anagwiranso nchito yotanthauzira m'Citurkey buku lalikulu la Leo Tolstoy la nkhani ya nkhondo ndi mtendere.

Caciwiri, anasandutsa ndende kukhala sukulu. Munali mnyamata wa kumudzi dzina lake İbrahim Balaban, womangidwa pa mlandu wakupha. Nâzım, amene anaphunzira kujambula kwa amai ake, anaona kuti mnyamatayu ali ndi dzanja labwino, namupatsa utoto ndi kumuphunzitsa. Balaban atatuluka anakhala mmodzi wa ojambula odziwika a dziko la Turkey, ndipo zithunzi zake zambiri ndi za alimi ndi ng'ombe zao zolimira. Munalinso mnyamata wina amene anali kuyesa kulemba ndakatulo. Nâzım anamuuza mosapita m'mbali kuti ndakatulo zakezo sizinali bwino, koma kuti ali ndi mphatso yosimba nkhani. Anakhala naye cipinda cimodzi pafupifupi zaka zitatu, akumuphunzitsa Cifalansa ndi kalembedwe. Mnyamata ameneyu ndi amene anadzachuka ndi dzina lakuti Orhan Kemal, wolemba mabuku a nkhani za anchito ndi alimi osauka.

Cacitatu, anachera khutu. Anali kukhala pansi ndi akaidi, kuwafunsa za midzi yao, za ngongole zao, za nkhondo zimene anamenya. Kucokera m'nkhani zimenezi analemba ndakatulo yake yaikulu koposa, Memleketimden İnsan Manzaraları, kutanthauza zithunzi za anthu a m'dziko langa. Mizere imene inapulumuka ndi pafupifupi 17,000. Imayambira pa sitesheni ya sitima ya Haydarpaşa ku Istanbul mu 1941, ndipo imatsatira anthu okwera sitima, alimi, asilikali wamba, akaidi omangidwa unyolo, kenaka olemera a m'sitima ya mabwana. Akalemba cigawo anali kuciwerenga pamaso pa akaidi anzake, ndipo pamene iwo sanamve bwino anali kukonzanso. Mapepala anali kuwatulutsa pang'onopang'ono kupita kwa abale ndi abwenzi. Ena anatayika. Bukuli linasindikizidwa ku Turkey mu 1966 ndi 1967, mwini wake atamwalira kale.

Usiku wa m'ndende

Tisaganize kuti munthuyu anali mwala. Makalata ndi ndakatulo zake za ku Bursa zimanena poyera za kusowa tulo, za nsanje, za kuopa kufera m'ndende. Ciwindi cinali kumuvuta, maso anayamba kufooka, ndipo pofika 1948 anadwala mtima. Kawirikawiri kunali kumveka mphekesera zakuti boma likhululukira akaidi, akaidi n'kumanga akatundu m'mitima mwao, kenaka zii. Amene anadikirapo cinthu colonjezedwa caka ndi caka adziwa mmene kudikira kotere kumadyera munthu.

Cimene cimasiyanitsa ndakatulo zake ndi nyimbo wamba zolimbikitsa n'cakuti iye sanali kubisa mdima umenewu. Anali kuuchula dzina lake, kenaka n'kubwerera ku nchito ya tsikulo. Mu 1945 anadziikira lamulo lakuti usiku uliwonse, kuyambira 9 koloko, azikhala pansi kuganizira mkazi wake ndi kumulembera ndakatulo. Ciyembekezo cake cinali ngati ca mlimi amene cimanga cake capsa ndi ng'amba. Mlimi wotere sanamizira kuti nkhokwe yadzaza. Amadziwa kuti njala ilipo, koma amasankha zitsononkho zabwino n'kuzipacika pa tsindwi pamene pafika utsi, ndipo ngakhale ana alire sazikazinga, cifukwa mvula idzabweranso. Makina oombera nsalu aja, ophunzira aja ndi mizere ija zinali mbeu yake ya pa tsindwi.

Pali cinthu cina cimene sitiyenera kucibisa. Piraye anamudikira zaka khumi, akulera ana m'umphawi ndi kunyozedwa monga mkazi wa mkaidi. Mu 1948 msuwani wa Nâzım, dzina lake Münevver, amene anali pa banja, anabwera kudzamuona m'ndende, ndipo awiriwa anakondana. Nâzım analembera Piraye kuti ukwati uthe. Pambuyo pake anamva cisoni napempha cikhululuko, koma bala linali litalowa kale, ndipo ukwati unatha mu 1951. Munthu amene anali kulira ndi mavuto a dziko lonse analiza munthu amene anali naye pafupi koposa. Komabe Piraye anasunga bwino makalata ndi zolemba zake zonse, ndipo mwana wake Memet Fuat ndi amene anadzazisindikiza. Zambiri zimene anthu a ku Turkey amawerenga ndi kuimba lero zinapulumuka cifukwa ca mai amene anasiyidwayu.

Kukana cakudya

Pofika 1949 anthu anayamba kufunsa za mlandu wake. Mkonzi wa nyuzipepa ya Vatan, Ahmet Emin Yalman, amene sanali mkomyunisiti, anasindikiza nkhani zoonetsa kuti cigamulo cija cinalibe maziko m'malamulo. Ku Paris kunapangidwa gulu lomumenyera, ndipo anthu ochuka monga wojambula Pablo Picasso ndi woimba wakuda wa ku America Paul Robeson anaikapo mau ao. Nyumba ya malamulo itatseka osapereka cikhululuko, Nâzım anayamba kukana cakudya pa 8 Epulo 1950. Anaimitsa kwa kanthawi atapemphedwa ndi maloya ake, nayambanso pa 2 Mei. Amai ake, okalamba ndipo maso atacita khungu, anakaima pa mlatho wa Galata pakati pa Istanbul ndi cikwangwani, akupempha anthu odutsa kuti asaine kalata yopulumutsa mwana wao.

Pa 14 Mei kunacitika masankho, ndipo cipani cimene cinalamulira kuyambira ciyambi ca lipabuliki cinagonja. Poona kuti khomo layamba kutseguka, Nâzım anamvera abwenzi ake nayambanso kudya pa 19 Mei. Cimene anali kufuna ndi moyo ndi ufulu, ndipo imfa sanali kuifunafuna. Boma latsopano linapereka cikhululuko kwa akaidi, ndipo iye anatuluka mu Julai 1950. Caka comweco analandira mphotho ya mtendere pamodzi ndi Picasso, Robeson ndi mlakatuli wa ku Chile Pablo Neruda.

Ufuluwo unali wa dzina cabe. Apolisi anali kumulonda usana ndi usiku. Mu 1951 anamuitana kuti akalowe usilikali, munthu wa zaka 49 wodwala mtima. Iye anakumbukira mnzake Sabahattin Ali, wolemba mabuku amene anaphedwa mu 1948 pafupi ndi malire a Bulgaria, ndipo anaona kuti akapita sadzabwerako. Pa 17 Juni 1951 anakwera kaboti ka injini koyendetsedwa ndi mnyamata wina wacibale, Refik Erduran, natulukira pa nyanja ya Black Sea. Kumeneko sitima ya katundu ya ku Romania inamutola. Kumbuyo anasiya Münevver ndi khanda lao Mehmet, la miyezi yosakwana itatu. Pa 25 Julai boma linamulanda unzika. Dziko la Turkey sanalipondenso.

Cikomekome ca mkuyu

Mayeso aakulu a ciyembekezo cake anamupeza ku Moscow, mzinda umene anali kuulota zaka zonse za m'ndende. Anamulandira ndi maluwa, namupatsa nyumba, galimoto ndi dokotala. Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Moscow wa unyamata wake kunalibenso. Mayakovsky anadzipha mu 1930. Vsevolod Meyerhold, katswiri wa zisudzo amene Nâzım anali kumulemekeza, anaomberedwa ndi boma mu 1940. Akafunsa za anzake akale, anthu anali kuyang'ana pansi. Paliponse panali zithunzi ndi ziboliboli za Stalin, ndipo anthu anali kulankhula monong'ona. Munthu amene anamangidwa kwao cifukwa ca ndakatulo anapeza kuti dziko limene anali kulitamanda linali kupha olemba ndakatulo.

Mu 1952 mtima unamugwetsa, nagona miyezi yambiri. Stalin anamwalira mu 1953, ndipo mu 1956 mtsogoleri watsopano Nikita Khrushchev anaulula zina mwa nkhanza zake. Nâzım analemba sewero loseka mabwana a cipani amene amadzisandutsa timilungu. Linaonetsedwa ku Moscow mu 1957, ndipo patangopita masiku ocepa boma linaliletsa. Mu 1961 analembanso ndakatulo yodzudzula kupembedza Stalin. Komabe cipani sanacisiye mpaka imfa, ndipo anapitiriza kuyenda m'misonkhano ya mtendere imene Soviet Union inali kucirikiza. Pa ici anthu amamuweruza mosiyanasiyana mpaka lero. Cimene cimaoneka poyera n'cakuti m'ndakatulo za zaka zake zomaliza mau a cipani amacepa, ndipo mumaculuka mitengo, mvula, sitima za usiku, ukalamba, ndi anthu wamba.

Kulakalaka kwao ndi kumene kunamudya kwambiri. Paja amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mu 1957 anakhala ku Varna, m'dziko la Bulgaria, m'mbali mwa nyanja yomwe ija anathawirapo. Anali kuona sitima zikulowera ku Istanbul, kumene kunali mwana wake, koma iye sakanakwera. Boma la Turkey linakaniza Münevver ndi mwanayo mapasipoti kwa zaka khumi. Pamene anazemba mu 1961 n'kufika ku Poland, anapeza kuti Nâzım anakwatira mkazi wina wa ku Russia, Vera Tulyakova, mu 1960. Bambo ndi mwana anaonana, koma banja silinabwererenso.

M'zaka zomwezi analemba ndakatulo yaifupi ya kamtsikana kamene kanafa ndi bomba la atomu ku Hiroshima mu 1945. Inamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo ku America inaimbidwa ndi Pete Seeger ndiponso gulu la The Byrds. Anayenda maiko ambiri, ku Cuba mu 1961, ndipo mu Febuluwale 1963 anafika kwa anansi athu ku Tanganyika, pa msonkhano wa nthumwi za maiko a mu Africa ndi Asia, nalemba ndakatulo za ulendowo. Patangopita miyezi inai, m'mawa wa pa 3 Juni 1963, anapita pakhomo la nyumba yake ku Moscow kukatenga nyuzipepa, ndipo mtima unaima pomwepo. Anali ndi zaka 61. Zaka khumi m'mbuyomo anali atalemba cofuna cake, cakuti akaikidwe m'manda a kumudzi ku Anatolia, pansi pa mtengo waukulu wamthunzi umene kwaoko amaucha çınar. Anamuika m'manda a Novodevichy ku Moscow.

Mau analowa m'nyimbo

Kwa zaka pafupifupi 30 mabuku ake sanasindikizidwe ku Turkey. Anthu anali kukopera ndakatulo zake pamanja ndi kupatsirana mobisa. Mu 1965 anayambanso kutuluka poyera, ndipo oimba anawalandira. Ku Anatolia kuli mwambo wakale wa oimba oyendayenda amene amaimba ndi saz, coimbira ca zingwe ca khosi lalitali, akudandaula za nkhanza za olamulira. Wochuka mwa iwo, Pir Sultan Abdal, anapacikidwa ku Sivas m'zaka za m'ma 1500, koma nyimbo zake zikali kuimbidwa. Mau a Nâzım analowa mumtsinje womwewu.

Ruhi Su, woimba wa mau aakulu amene nayenso anamangidwa mu 1952 cifukwa ca ndale, anaimba ndakatulo zake ndi saz. Atadwala khansa boma linacedwetsa pasipoti yake yokalandira mankhwala kunja, ndipo anamwalira mu 1985. Zülfü Livaneli anatulutsa mu 1978 cimbale ca nyimbo za mau a Nâzım zokhazokha. Cem Karaca anaziimba ndi magitala a magetsi, ndipo nayenso analandidwa unzika asilikali atalanda boma mu 1980. M'zaka zimenezo kupezeka ndi buku la Nâzım m'nyumba kunali kudziitanira tsoka, ndipo mabanja ena anaocha kapena kukwirira mabuku ao. Koma nyimbo imene munthu waisunga pamtima wapolisi sangailande pa cipikisheni. Amai amene ana ao anali m'ndende anali kumva m'nyimbozi munthu wodziwa ululu wao, amene sanali kuwanamiza kuti zonse zili bwino, koma amenenso sanali kuwalola kugona pansi.

Mwambo umenewu sunathe, ndipo mtengo wake ukali wowawa. Mu 2020 oimba awiri a gulu la Grup Yorum, Helin Bölek ndi İbrahim Gökçek, anamwalira atakana cakudya kwa miyezi yambiri, podandaula kuti boma linaletsa zoimbaimba zao ndi kumanga anzao powaganizira kuti akugwirizana ndi gulu loletsedwa. Njira imene inatulutsa Nâzım m'ndende mu 1950, kwa awa inathera ku manda.

Mu 2002 bungwe la UNESCO linakumbukira zaka 100 za kubadwa kwake. Mu Januwale 2009 boma la Turkey linamubwezera unzika, patapita zaka zoposa 57 cimulandire, ndiponso zaka 45 ali m'manda.

Tsono abale anga, tikaunika moyo umenewu tipeza kuti zinthu zimene Nâzım anaziyembekeza ndi mau okweza zinamugwiritsa mwala. Lipabuliki imene anathamangira kukaimenyera ali mnyamata inamutsekera m'ndende. Dziko la cipani cake linapha anzake, ndipo mu 1991 Soviet Union yeniyeniyo inagwa. Iye mwini analakwira anthu amene anamukonda. Zimene zinakhalitsa ndi zija anacita mwakacetecete ku Bursa, pamene panalibe cizindikiro ciliconse cakuti adzatuluka: kuomba nsalu kuti banja lidye, kuphunzitsa mnyamata wa kumudzi kugwira utoto, kumvetsera mlimi wosaphunzira ndi kulemba nkhani yake mwaulemu. Aliyense wa ife amene akudikira cinthu cocedwa, kaya ndi mlandu wosatha, kaya ndi wodwala wosacira, kaya ndi malipiro a zokolola, angathe kudzifunsa kuti pa tsindwi pake wapacikapo ciani lero.

Mafupa a Nâzım akali ku Moscow, ndipo cofuna cake ca manda a kumudzi sicinacitike. Caka ciliconse pa 3 Juni anthu a ku Turkey amasonkhana pa manda akewo ndi maluwa, n'kuimba nyimbo za mau ake.